Kiyibodi ya Malemu Palanivel

Madzulo a tsiku lodzoza zida ndinabwerera kunyumba ndi thumba la mbuliuli za mpunga m'manja, kadontho kofiira kali pachipumi, mtima uli m'malo. Mabasi onse mu msewu wa Avinashi anali atamangirira timitengo ta nthochi kutsogolo. Telala wa pa mphambano anali atakoloweka maluwa pa sizasi yake. Kuno ku Coimbatore, chida chilichonse chimene munthu amadyera chimapukutidwa tsiku limeneli, chimadzozedwa, kenako chimasiyidwa kuti chipume mpaka m'mawa.

Ku ofesi kwathu mwambowu amauchita okha bwana, a Duraisamy. Ndife anthu ochepa olemba mapulogalamu a kompyuta, pamwamba pa sitolo yogulitsa mapampu a madzi. Masana amenewo bwana anayenda desiki ndi desiki, mbale ya phala lachikasu lonunkhira ili m'manja. Kiyibodi iliyonse anaijambula mizere itatu, kadontho kofiira pakati, duwa pamwamba, ndimu pambali. Pansi pa madesiki sanawerame, chifukwa bondo lawo lakumanzere linakana kalekale. Ndimu ya pa desiki yanga inagubuduka n'kugwera kuseri.

"Isiye, Elango," anatero bwana. "Yapita komwe yaitanidwa."

Kenako ananena mawu awo a chaka chilichonse. Wokhudza chida chodzozedwa iwo asanaswe kokonati m'mawa, asadzakwerenso masitepe amenewa. Sikunali kuopseza chabe. Zaka ziwiri m'mbuyomo mnzathu Boopathi anazemba n'kuyankha kalata imodzi yokha, ndipo chala chake chinatsala chitadinda pa ufa wofiira. Lero akugulitsa matayala ku Erode.

M'mawa mwake linali tsiku loyamba zinthu zatsopano, ndipo chatsopano cha chaka chimenecho chinali changa. Kwa miyezi isanu ndinali ndikulemba pulogalamu yoyendetsa makina opeta maluwa pa malaya. Mwini fakitale ya ku Tiruppur, amene anatipatsa ntchitoyo, anali kubwera kudzaiyatsa ndi dzanja lake mphindi khumi ndi ziwiri itadutsa naini koloko, nthawi imene wopenda nyenyezi wake anamusankhira. Munthuyo anapempha chinthu chimodzi chachikulu. Ulusi ukaduka, wantchito adine mabatani awiri, Ctrl ndi C, makina aime, akumbukire pomwe alekezera, ndipo ulusi ukalumikizidwa apitirize kuchokera pomwepo. Bwana anandiuza poyera kuti zikakanika pamaso pa mlendoyo, ine ndi Boopathi tidzagulitsira limodzi matayala.

Sindinade nkhawa. Ndinali nditayesa kambirimbiri.

Tikudya, mkazi wanga Vasuki anayamba kufotokoza za ukwati wa mchimwene wake: ndani akhala pati, ndani sanaitanidwe, ndani waitanidwa koma akanachita bwino kukhala kwawo. Ndinayesa kulowererapo.

"Vasuki, tamvera—"

"Ndiye azakhali aja a ku Pollachi akuti abwera ndi ana onse asanu, ngati kuti mpunga tikuchita kutola..."

"Vasuki—"

"Inu, idyani," anatero. "Kwa amayi anu mukangotsokomola anthu amasiya kulankhula. Kuno n'kwina. Kuno mawu anu ndimangowameza."

Dzanja langa linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

Kuno n'kwina. Kuyesa kwanga konse ndinayesera pa kompyuta yoyendera Linux, chifukwa ndi m'mene ndinakulira ndipo ndimamudziwa ngati khomo la kwathu. Makompyuta a ku fakitale onse ndi a Windows. Pa Linux ukadina mabatani awiri aja, uthenga sudikira pamzere. Umafika ngati munthu wokugwira paphewa, ndipo pulogalamu imatembenuka. Koma pa Windows, pofuna kuti pulogalamu yanga izimva batani lililonse msangamsanga, ndinali nditazimitsa ndekha kachinthu kamene kamanyamula uthengawo. Ndinakumbukira ngakhale tsiku limene ndinachita zimenezo, ndikudzitama kuti mutu wanga ndi wakuthwa. Tsopano mabatani awiriwo adzafika ngati chilembo wamba, pulogalamu idzameza, makina adzapitiriza kubaya malaya opanda ulusi, mlendo akudinadina, bwana akundiyang'ana.

Ndinadzuka kukatenga laputopu. Ndinaipeza pa guwa la m'nyumba, pakati pa makina osokera a Vasuki ndi mpeni wa kukhitchini, itavala maluwa. Foni yanga inali pamwamba pake, nayonso ili ndi kadontho kake.

"Musayerekeze," anatero Vasuki osatembenuka n'komwe.

"Ndiye ndikupita ku ofesi."

"Pa chiyani? Njinga yamoto ikupuma. Ndaika kale mandimu kumatayala."

"Ndiyenda pansi."

"Mapazi okha ndi amene ndinaiwala kudzoza," anatero. "Pitani. Akakuchotsani ntchito musavutike kudzandiuza, ndidzamvera kwa aneba."

Ndinanyamuka cha m'ma leveni koloko. Ndi makilomita anayi. Pakhomo pa sitolo iliyonse panali dzungu loyera loswedwa, m'kati mwake muli ufa wofiira, monga timachitira pothamangitsa diso loipa. Masana sindinawaganizirepo kanthu maungu amenewo. Mumdima sindinakonde maonekedwe ake. Galu wina wakuda ananditsata kuchokera pa mphambano, mwaubwenzi ndithu, mchira ukugwedezeka. Titafika pa geti la ofesi anaima, anayang'ana zenera lathu la kumwamba, anapinda mchira n'kubwerera komwe tinachokera.

Mlonda wathu, a Marimuthu, anali pa mpando wawo pansi pa masitepe, manja ali m'khwapa. Ndodo yawo, wezulo ndi tochi zinali pa nyuzipepala pambali, zitazingidwa maluwa.

"Thambi, waiwala chiyani?" Aliyense wocheperapo amamutchula choncho, ngati mng'ono wawo, ngakhale wapolisi.

"Anna, simunandione." Ifenso timawatchula kuti anna, ndiko kuti achimwene aakulu.

"Ndikuone ndi chiyani? Tochi ikupuma. Ndodo ikupuma. Akuba akabwera usiku uno ndingowapatsa moni." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Koma kumwambako ine sindingakwere lero, ngakhale utandilonjeza mbuzi."

"Bwanji?"

"Usiku ngati uno kumamveka phokoso. Chaka chatha, ndi chaka chinacho."

"Makoswe, anna. Amabwerera mbuliuli."

"Mwina," anatero. "Makoswe a masiku ano aphunzira. Amatayipa."

Ndinaseka, koma kuseka kwanga kunathera pa sitepe yachitatu.

Magetsi sindinayatse. Nyumba ya bwana ili tsidya lina la msewu, ndipo zenera la chipinda chawo limayang'anizana ndi lathu. Ndinavula shati n'kuipachika pazenerapo kuti kuwala kwa sikirini kusawafike. Kanyali ka mafuta kamene anasiya patsogolo pa chithunzi cha mayi Saraswathi, mulungu wamkazi wa maphunziro, kanali kakuyakabe, kalawi kake kochepa ngati njere ya mpunga. Chipinda chonse chinali fungo la lubani ndi maluwa ofota.

Ndinaima pa desiki yanga. Mizere itatu ija inali itauma, itadutsa pa mabatani onse amene ndinkafuna. Kungodina kamodzi, ikanasweka ngati dothi la m'chilimwe. Ndinaganiza zodina ndi pensulo m'mipata. Mapensulo nawonso anali atadzozedwa.

Apa ndi pamene mutu wanga wakuthwa uja unagwiranso ntchito. Lamulo likuti chida chodzozedwa. Bokosi la kompyuta lili pansi pa desiki, kumene bondo la bwana silifika, ndipo sitilizimitsa. Sikirini ndi yongoyang'ana, munthu saikhudza. Chotsala ndi kupeza kiyibodi imene sinadzozedwe. Mu ofesi monse inalipo imodzi yokha.

Inali ya malemu a Palanivel.

A Palanivel ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Tinkawaitana kuti saar, ndiye "sir" wa kuno. Anagwira limodzi ndi bwana zaka makumi awiri, ndipo m'zaka zonsezo palibe munthu anamalizapo chiganizo iwo ali pafupi. Ukati, "Saar, ndimaganiza kuti—", iwo ati, "Ayi." Ukati, "Koma vuto lake—", ati, "Mzere wa fote." Ukapita pa mzere wa fote wa pulogalamu yako, vuto ulipezadi pomwepo. Ndinkawaopa kuposa bambo anga, ndipo ndinkawakonda, ngakhale sanandipatse mpata wowauza. Anamwalira ali pakati pa mkangano ndi mlamu wawo. Akuti mlamuyo mpaka lero akusaka munthu woti amumvetsere mfundo yake mpaka kumapeto.

Kiyibodi yawo inali yakalekale, yolemera ngati njerwa, yachikasu ngati dzino la nkhalamba, ya pulagi yozungulira. Batani lililonse linkalira kha! mpaka ogulitsa mapampu pansi kumva. Ankainyadira kwambiri.

"Zanu zatsopanozi n'zaulemu," ankatero akukoka fodya wa m'mphuno. "Zimakhala phee kudikira kompyuta izifunse ngati zili ndi mawu. Yangayi siidikira kufunsidwa. Imadula kompyuta pakamwa."

Atamwalira, ine ndi amene ndinaikulunga chingwe n'kukaiponya m'kachipinda kosungira katundu, chifukwa ndinkalephera kuiyang'ana. Zaka zitatu zinali zitadutsa isanalandire ngakhale duwa limodzi.

Ndinaipeza pamwamba pa makatoni. Inalibe fumbi. Zimenezo ndinaziona, koma sindinafune kuziganizira.

Ndinaiika m'mphepete mwa desiki, kutali ndi yodzozedwayo. Ndinakwawira pansi, mumdima wa ndiweyani, n'kupapasa kuseri kwa bokosi. Pulagi inakana kulowa. Ndinaitembenuza, ndinakankha. Inakanabe. Ndinakankha ndi mkwiyo wonse, ndipo inalowa, yothina bwino. Zala zinanyowa pang'ono, ndinati ndi thukuta. Nditatuluka, timagetsi titatu tobiriwira pa kiyibodi tinaphethira, sikirini n'kudzuka. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti kiyibodi ya pulagi yozungulira nthawi zambiri siyamba kumveka mpaka utazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Inenso ndimadziwa. Ndinangoti ndachita mwayi.

Windows mu kompyuta yanga amakhala ngati walendi m'chipinda chakumbuyo. Ndinamutsegulira, ndinayatsa pulogalamu, ndipo manambala owerenga kubaya kwa singano anayamba kuthamanga pa sikirini. Ndinadina mabatani awiri aja. Manambala anapitirira. Ndinadinanso, mwamphamvu. Anapitirirabe. Vasuki anali atanena zoona.

Ndinaizimitsa mwankhanza n'kuyamba kukonza. Ndinasankha njira yachidule: chilembo chija chikangofika, pulogalamu ife pomwepo. Mizere inayi yokha. Nthawi inali itadutsa thwelofu. Ndinayatsanso, n'kuika manja kuseri kwa mutu kuti ndiwongole msana.

Kha-kha!

Manja anga anali kuseri kwa mutu. Mabatani awiri anali pansi, okha, ngati pali zala zowakanikiza. Kenako anadzuka pang'onopang'ono. Manambala anali ataima.

Ndinakhala choncho, manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Ndinadziuza kuti ndi ukalamba wa mabatani. Ndinasuzumira pansi pa desiki kusaka khoswe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalakalaka kumupeza. Kunalibe. Ndinauza pulogalamu kuti ipitirize, ndipo inayambira pa ziro. Inali itaima, inde, koma sinakumbukire pomwe inalekezera. Pa malaya enieni ikanapeta duwa lachiwiri pamwamba pa loyamba.

Fungo la fodya wa m'mphuno linadutsa paphewa langa lakumanzere.

Ndisaname, ndinathawa. Ndinafika pakhomo mpando ukuzungulirabe kumbuyo kwanga. Dzanja litangogwira chitseko, kha-kha! Ndinaima. Zaka zisanu ndi chimodzi za kudulidwa pakamwa sizichoka m'thupi, miyendo inamvera ine ndisanaiuze. Ndili chiimire ndinaganiza za Erode. Ndinaganiza za matayala, ndi nkhope ya Vasuki akumvera kwa aneba. Mzukwa ukhoza kukuumitsa magazi, koma sulemba kalata yokuchotsa ntchito. Ndinabwerera pa mpando.

"Saar," ndinanong'ona, "ngati ndinu, ndikupepesa kwambiri kuti zaka zonsezi—"

Kha-kha!

Anali iwo.

Kuyambira pamenepo tinagwira ntchito monga kale. Sanalembe chilembo ngakhale chimodzi. Ankangodula. Ndikayamba mzere wolakwika, kha-kha, ndisanafike pakati. Ndikafufuta n'kuyesa njira ina, zii. Ndinachotsa njira yachidule ija. Ndinayatsanso kachinthu kamene ndinazimitsa, n'kulemba kuti uthenga ukafika, pulogalamu imalize kubaya kumene yayamba, ilembe pomwe yafika, kenako iime mwaulemu. Ndinayesa. Anadina okha. Inaima, inakumbukira, inapitiriza.

"Thambi!" Anali a Marimuthu, akuitana chonong'ona pansi pa masitepe. "Wayamba liti fodya?"

"Sindikoka fodya, anna."

"Nanga wayetsemula katatu ndani?"

Ine sindinamve kuyetsemula kulikonse. Koma a Palanivel akakoka fodya ankayetsemula katatu, osachepera, osapitirira.

"Ndili ndekha kuno, anna."

Pansi ndinamva mpando ukukokedwa, kukokedwa, mpaka kunja kwa geti.

Pulogalamu inali ikuthamangabe. Ndinati ntchito yatha, n'kuyamba kuimirira. Kha-kha! Ulendo uno batani lachiwiri linali lina, lakumtunda kudzanja lamanja, lolembedwa Break, limene makiyibodi ambiri atsopano alibe n'komwe. Pa Windows limenelo limabwera ndi uthenga wakewake. Pulogalamu inafa osakumbukira kanthu.

"Saar, batani limenelo ku fakitale palibe amene—"

Kha-kha!

Ndinakhala pansi n'kukonza.

Cha m'ma fili koloko ndinabwerera pa Linux kuti ndingoona, n'kupeza kuti pokonza chipinda cha walendi ndagwetsa khoma la mwini nyumba. Pulogalamu imaima bwino, koma ikaima, zonse zimene ukutayipa sizioneka pa sikirini. Ndinadzitukwana mokweza, ndi mayina onse amene ndimadziwa. Apa sanandidule. Munthu akamatukwana ntchito yake yomwe, a Palanivel ankamusiya amalize, ankati akunena zoona.

Kanyali ka mafuta kanazima. Mpando wa pambali panga, umene palibe wakhalapo chichokere Boopathi, unalira ngati munthu watsamira. Sindinatembenuke. Ndinkaona m'mphepete mwa diso kuti mbali imeneyo mdima ndi wokhuthala kuposa kwina, ndipo ndinaganiza kuti zimene sindinazione bwinobwino sindidzafunika kuzifotokoza. Thukuta linkatsika pamsana ngakhale ndinalibe shati. Ndinatayipa.

Itangodutsa folo koloko ndinayesa komaliza, mbali zonse ziwiri. Kha-kha! Inaima, inakumbukira, inapitiriza. Kha-kha! Chimodzimodzi. Kenako zii. Ndinadikira mphindi zisanu, manja ali pamiyendo. Zii. M'moyo wawo wonse a Palanivel sanayamikirepo munthu. Kukhala chete ndiko kunali kuyamika kwawo. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ya mantha ndi ya chisoni pamodzi, chifukwa ndinali nditamusowa kwambiri munthu wovutayo.

"Zikomo, saar," ndinatero.

Ndinadikira kudulidwa. Sanandidule. Mwina chiganizocho chinafupika kwambiri, sanapeze pogwira. Ndinati nditsamiritse mutu mphindi imodzi yokha.

Chinandidzutsa ndi fungo la sopo. Dzuwa linali litalowa kale pazenera, kudutsa m'manja a shati yanga. Bwana anali ataima pamutu panga, atasamba, atavala nsalu yoyera, kokonati ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali anzanga onse, ndi a Marimuthu, amene ankayang'ana kudenga ngati sanandionepo chibadwire. Ine ndinali chifuwa pamtunda, tsaya litadindika mabatani kuyambira kukhutu mpaka pachibwano.

"Elango," anatero bwana mofatsa, kufatsa koopsa kuja.

"Saar, sindinakhudze chodzozedwa chilichonse. Onani nokha."

Anavala magalasi n'kuweramira kiyibodi yanga yodzozedwa. Mizere itatu inali yathunthu. Duwa linali pomwe analisiya. Anayang'ana sikirini, pamene panalembedwa kuti pulogalamu yasinthidwa komaliza mphindi zisanu ndi ziwiri itadutsa folo koloko.

"Ndiye izi walemba ndi chiyani? Ndi mphuno?"

"Ndi iyi, saar, ya malemu. Sinadzozedwe. Bokosilonso simunalidzoze, chifukwa cha bondo—"

"Bondo langa ulisiye!" Anatembenukira mlonda. "Marimuthu, zula chinthu chimenecho."

"Ine, saar? Manja anga ali ndi mafuta."

"Zula!"

A Marimuthu anagwada monyinyirika n'kukoka chingwe. Chinabwera mosavuta. Anadzuka atachigwira ndi zala ziwiri ngati mchira wa khoswe wakufa. Kumapeto kwake kunalendewera ndimu. Pulagi yozungulira inali italowa yonse m'ndimumo, madzi akudontha.

Mmodzi mwa anzanga anagwada kukasuzumira kuseri kwa bokosi, n'kudzuka nkhope itasintha. Anati kabowo kozungulira n'kotsekedwa ndi ulusi wa kangaude, ndipo kangaudeyo ali momwemo.

Ine ndinanunkhiza zala zanga. Sindikanayenera kutero.

Koma bwana ndi munthu wosabwerera m'mbuyo. Anakonza nsalu yawo m'chiuno, anakweza chala.

"Kaya ndimu kaya chiyani, ine zilibe nane ntchito. Unakwera masitepe usiku woletsedwa kudzagwira ntchito. Boopathi sindinamukhululukire, ndipo iwe si mwana wanga. Elango, kuyambira lero iwe—"

Kha-kha!

Tonse tinaona. Kiyibodi inali pa desiki, popanda dzanja la munthu pafupi, chingwe chake chili kwa a Marimuthu, ndimu ikuzungulira pang'onopang'ono. Mabatani awiri anali pansi. Anadzuka osafulumira.

A Marimuthu anataya chingwe n'kutsika masitepe atatuatatu, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Bwana anatsala pakamwa pali yasa, chala chili m'mwamba. Ndinaona nkhope yawo ikubwerera m'mbuyo zaka makumi awiri, ku misonkhano yonse imene sanaimalize. Chala chinatsika chokha. Anaika kokonati pansi, anakatenga mbale ya phala lija, anathiramo timadzi, n'kujambula mizere itatu pa kiyibodi yachikasuyo. Anaika kadontho kofiira ndi maluwa onse amene anatsala. Kenako anaswa kokonati, osandiyang'ana.

"Vala shati," anatero. "Mlendo ali m'njira."

Mphindi khumi ndi ziwiri itadutsa naini koloko mwini fakitale anayatsa pulogalamu pa kompyuta imene anabwera nayo. Singano ya makina athu oyesera itafika pakati pa duwa, anadina mabatani ake awiri. Makina anaima. Anawauza kuti apitirize, duwa linamalizika limodzi, lokongola. Anandigwira chanza akuwerenga zilembo patsaya langa, koma anali munthu waulemu, sanafunse.

Za usiku umenewo aliyense mu msewu wathu ali ndi zake. A Marimuthu amati malemu anatopa ndi kumanidwa maluwa zaka zitatu, ndiye anabwera kudzatenga okha. Wogulitsa tiyi pa geti amati mu ndimu muli magetsi, anaphunzira ali mu kalasi yachisanu. Vasuki amati mzimu umene unakwanitsa kundiuza zochita ine n'kumvera usiku wonse, akufuna kukumana nawo, umuphunzitseko.

Patha zaka zinayi. Ndikukwerabe masitepe amenewo. Bwana sanamalize chiganizo chija, koma sanachibwezenso. Chimenecho ndi chimene chimandisowetsa mtendere, chifukwa ntchito imeneyi ndimaidziwa: chinthu choimitsidwa bwino chimakumbukira pomwe chinalekezera. Nthawi zina pa msonkhano amandiyang'ana, amakoka mpweya, chala n'kuyamba kukwera. Kenako maso awo amagwera pa kiyibodi yachikasu imene ili pakona ya desiki yanga, ndipo amafunsa ngati khofi wafika.

Ndimaipukuta m'mawa uliwonse. Ndimu ndimagula ndekha, yatsopano Lachisanu lililonse, ndipo ndisanaweruke ndimaonetsetsa kuti pulagi yalowa bwino.